Mbale Imodzi, Anthu Awiri: Kadyedwe ka Amuna ndi Akazi ku Ulaya Wakale

Cha m'ma 1393, bambo wina wachikulire wa mumzinda wa Paris, munthu wopeza bwino, anakhala pansi n'kulembera mkazi wake buku la malangizo a pakhomo. Mkaziyo anamukwatira ali ndi zaka 15 zokha, ndipo bamboyo, podziwa kuti ndiye adzatsogole kumanda, anafuna kumusiyira nzeru zonse: kusankha antchito, kusamala dimba, kuthana ndi nthata kuchipinda, kugula nyama pamsika osapusitsidwa. Dzina lake linatayika, koma bukulo, Le Ménagier de Paris, lilipo mpaka lero. Chakumapeto kwake kuli mndandanda wa zofunika pa ukwati wa munthu wina dzina lake Hélye, wokonzedwa kuti uchitike Lachiwiri lina m'mwezi wa Meyi. Mlembiyo sanawerenge mitu ya oitanidwa. Anangolemba kuti chakudyacho ndi cha mbale 20.

Mbale 20 ndiye kuti anthu 40, ndipo wophika wa nthawiyo sakanafunsa kawiri. Ngakhale buledi wa pamndandandawo akuchitira umboni: mitanda 120 ya buledi woyera, munthu aliyense itatu. M'mayiko ambiri a ku Ulaya, makamaka kuyambira zaka za m'ma 1100 kufika za m'ma 1400, chakudya cha paphwando chinkagawidwa kwa anthu awiriawiri. Awiriwo ankapisa m'mbale imodzi, ndipo kawirikawiri ankamweranso chikho chimodzi. Kukhala pambale imodzi ndi munthu inali nkhani yaikulu. Kunkasonyeza udindo, ubale, nthawi zina chikondi, ndipo lamulo la Mpingo linafika poyeza ukwati weniweniwo ndi tebulo.

Tebulo la paphwando linali matabwa ongosanjika pamiyendo yochotseka, n'kuyalapo nsalu yoyera. Kudya kukatha ankaliphwasula kuti anthu apeze povinira. Odya ankakhala pamabenchi, nthawi zambiri mbali imodzi yokha, kuti mbali inayo operekera zakudya azidutsa. Eni nyumba ndi alendo olemekezeka ankakhala patebulo la pamalo okwera, kumapeto kwa holo. Chakudya chachikulu chinkadyedwa dzuwa lisanafike paliwombo, cha m'ma 10 kapena 11 koloko, ndipo china chopepukirapo chinkabwera chakumadzulo.

M'nyumba zazikulu za ku France, chakudya chikapsa kunkalira lipenga, ndipo anthu ankalitcha lipenga la madzi. Antchito ankabwera ndi jagi, beseni ndi thaulo, wina kuthira, wina kutchera. Majagi ena, osulidwa ndi mkuwa m'mizinda ya ku Germany monga Hildesheim ndi Nuremberg, ankaoneka ngati mkango kapena kavalo, madzi n'kumatulukira kukamwa. Amene anakula akusamba m'manja asanateme nsima sangadabwe nazo izi. Dzanja limenelo linkapita kukapisa m'mbale imene mnzake akudyamo.

Munthu akatola nthuli m'mbale ya awiriyo ankaiika pachibenthu cha buledi chomwe chinali patsogolo pake. Pa ukwati wa Hélye anaitanitsa mitanda 36 ya buledi wapadera wa ntchito imeneyi: woderapo, theka la phazi m'lifupi, zala zinayi msinkhu wake, wophikidwa masiku anayi phwando lisanafike kuti aume gwa. Panali wantchito amene ntchito yake inali kucheka bulediyu m'zibenthu zafulati, ndi kusema timbiya ta mchere kuchokera ku buledi yemweyo. Afalansa ankachitcha chibenthucho tranchoir, Angelezi trencher, mawu ochokera ku mneni wotanthauza kucheka. Pofika kumapeto kwa chakudya chinkakhala chitamwa msuzi wokwanira. Antchito ankazitolera m'madengu, pamodzi ndi makombo ena, n'kukapatsa osauka odikirira pachipata. Zina zinkagwera agalu.

Mpeni, mlendo ankabwera ndi wakewake, ataukoleka m'chiuno. Supuni inalipo ya zamsuzimsuzi. Zina zonse zinali za nsonga za zala.

Anthu awiri akamadyera pamodzi chonchi, uve wa mmodzi umathera m'mimba mwa mnzake, ndipo apa ndi pamene panabadwira mabuku a ulemu wa patebulo. Ndakatulo ina ya Chijeremani ya zaka za m'ma 1200, imene amati analemba ndi Tannhäuser, imadzudzula munthu woguguda fupa n'kulibwezeranso m'mbale, komanso wominira pansalu ya tebulo. Ku Milan, chakumapeto kwa zaka zomwezo, mphunzitsi wina dzina lake Bonvesin de la Riva anandandalika malamulo 50. Munthu apukute pakamwa asanamwe. Chikho achigwire ndi manja awiri. Akafuna kuyetsemula kapena kutsokomola atembenukire kumbali. Asasisite mphaka kapena galu akudya, asanyambite zala, asanyoze chakudya cha mwini nyumba, asabweretse uthenga wachisoni anthu ali pakati pa kudya. Ndipo mwamuna amene ali pambale imodzi ndi mayi, azimuchekera nyama, chifukwa kwa Bonvesin mwamuna ndiye ayenera kukhala wachangu ndi waulemu, poti mayi amachita manyazi.

Ku France nkhani yomweyo inatembenuzika. Mu Roman de la Rose, gawo limene Jean de Meun analemba cha m'ma 1275, gogo wina wodziwa za dziko akulangiza mmene mkazi angakopere amuna, ndipo tebulo ndi umodzi wa misampha yake. Mkazi mwini nyumba aoneke wotanganidwa, akhale pansi pomalizira penipeni, kenako amuchekere mnzake wa pambale phiko kapena ntchafu ya nkhuku. Posunsa mumsuzi asanyowetse zala mpaka m'mfundo. Mbamu ikhale yaing'ono, isadonthe pachifuwa. Asanamwe apukute milomo kuti mafuta asayandame pavinyo amene mnzake amwenso. Asaledzere, chifukwa woledzera sasunga chinsinsi, ndipo asawodzere patebulo. Patapita zaka pafupifupi 100, Geoffrey Chaucer anatenga makhalidwe omwewa n'kumuveka mkulu wa masisitere mu Canterbury Tales, mayi amene ankapukuta mlomo wake wam'mwamba mpaka m'chikho osaonekamo kadontho ka mafuta. Owerenga odziwa gwero lake ankaseka chamumtima kuona sisitere akutsata malangizo a mkazi wosaka mwamuna.

Tsoka linali kugwera pambale imodzi ndi munthu wosusuka. Franco Sacchetti wa ku Florence, polemba nthano zake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, anasimba za Noddo d'Andrea, munthu amene ankameza chakudya chamoto ngati akumwa madzi. Tsiku lina anamuphatikiza ndi Giovanni Cascio pambale ya makaroni owira. Giovanni akuuzirabe mbamu yake yoyamba, Noddo anali atameza kale zingapo. Giovanni ataona kuti agona ndi njala anapeza nzeru: mnzakeyo akameza, iye n'kutapa makaroni ena n'kuponyera galu. Noddo anadandaula, koma galu ankangolandira. Mapeto ake anagonja, navomera kudya mwaulemu.

Choncho kusankha woti akhale ndi yani inali ntchito yofuna mutu. M'nyumba zazikulu za ku England inali m'manja mwa mkulu woyang'anira holo. John Russell, amene anagwira ntchito kwa Humphrey, kalonga wa Gloucester, analemba buku la ntchitoyi chapakati pa zaka za m'ma 1400. Mfumu ndi akuluakulu ofanana nayo ankadya okha. Mabishopu ndi nduna zikuluzikulu ankadya awiriawiri, otsika pang'ono atatuatatu, otsikirapo anayianayi. Russell anayankhanso funso limene linkamuzunguza mutu woyang'anira aliyense: mkazi ndi mwamuna wake akasiyana mtundu, akhale pati? Mkazi wa magazi achifumu wokwatiwa ndi munthu wotsika ankasunga ulemu wa kwawo. Mkazi wa banja lotsika wokwatiwa ndi wa magazi achifumu ankakwera kufika pa ulemu wa mwamuna wake. Zikatero, zinkatheka ndithu mayi kukhala kumtunda, mwamuna wake ali kumunsi kwa holo.

Ngakhale ofanana ulemu, sikuti mwamuna ankaphatikizidwa ndi mkazi wake nthawi zonse. Ndakatulo ya Sir Gawain and the Green Knight, ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, imayamba ndi phwando la Chaka Chatsopano kwa Mfumu Arthur, kumene anthu awiri alionse anapatsidwa mbale 12 za zakudya, mowa ndi vinyo. Pafupi ndi Mfumukazi Guinevere panakhala Gawain, muphwa wa mfumu. Pambuyo pake Gawain akufika kunyumba ya mfumu ina yaing'ono pa Khirisimasi. Mwini nyumbayo akukhala pambali pa gogo wolemekezeka, ndipo mkazi wake wokongola akudya ndi mlendo, awiriwiri pakati pa tebulo. Umenewu unali ulemu waukulu kwa mlendo. Unalinso mwayi wa manong'onong'o, ndipo olemba nthano zachikondi ankaudziwa bwino: mayesero a Gawain m'nyumbamo akudzera mwa mayi yemweyo.

Mwambo wa chikho ndi wakale kuposa wa mbale. Mu Beowulf, ndakatulo ya Chingelezi chakale, Mfumukazi Wealhtheow akulowa m'holo atanyamula chikho, akuyamba kupatsa mwamuna wake Hrothgar, kenako akuzungulira kwa ankhondo. Koma amene anasimba za chikho mogwira mtima ndi Paul the Deacon, mmonke amene analemba mbiri ya mtundu wa Alombadi chakumapeto kwa zaka za m'ma 700.

Authari, mfumu ya Alombadi ku Italy, anatomera Theudelinda, mwana wa Garibald wolamulira Bavaria, asanamuonepo. Mtima utakana kudikira, anadzibisa pakati pa amithenga ake n'kupita yekha kukamuona. Anapempha kuti namwaliyo awapatse vinyo ndi dzanja lake. Pobweza chikho, mlendoyo anakhudza dzanja la Theudelinda ndi chala, wina aliyense osaona. Namwaliyo, manyazi atamugwira, anakauza mlezi wake, ndipo mleziyo anamuyankha kuti palibe amene akanalimba mtima chotero kupatula mfumu yomwe idzamukwatire. Ukwati unachitika mu 589 pafupi ndi Verona. Chaka chotsatira Authari anamwalira, ndipo Alombadi analola mfumukaziyo kusankha yokha mwamuna amene adzakhale mfumu. Inaitana Agilulf, kalonga wa Turin, nakumana ku Lomello. Kumeneko inaitanitsa vinyo, n'kumwa koyamba, wotsalayo n'kupatsa Agilulf. Iye atapsompsona dzanja lake, mfumukaziyo inamwetulira n'kumuuza kuti munthu woyenera milomo asathere padzanja. Ufumu wa Alombadi unasintha manja pa theka la chikho.

Paul yemweyo anasimbanso za chikho chowawa. Mfumu ina ya Alombadi, Alboin, inapha Cunimund, mfumu ya Agepidi, n'kukwatira mwana wake Rosamund, chibade cha malemuwo n'kuchisandutsa chikho. Paphwando lina ku Verona, vinyo atamukwera, Alboin analamula kuti mkazi wake amwere m'chibadecho, amwe mosangalala ndi bambo ake. Mu 572 Alboin anaphedwa pachiwembu chimene Rosamund anakonza ndi mwamuna wina dzina lake Helmichis. Awiriwo anathawira ku Ravenna, kumene Rosamund anapatsa Helmichis chikho cha poizoni akuchokera kosamba. Iye atazindikira chimene wamwa anasolola lupanga n'kumukakamiza kumaliza chotsalacho, ndipo onse awiri anafera pomwepo.

Mpingo sunathetse mwambo wa chikho. Unaulowetsa m'tchalitchi. M'dongosolo la mapemphero la Salisbury, limene linkatsatidwa m'madera ambiri a England, Misa ya ukwati ikatha wansembe ankadalitsa buledi ndi chikho cha vinyo kapena chakumwa china, akwati n'kulawa onse awiri. Kwa anthu wamba, chikho pachokha chinkatha kumanga. Kuyambira nthawi ya Papa Alexander III, amene analamulira kuyambira 1159 mpaka 1181, chomanga ukwati chinali kuvomerezana kwa awiriwo, ndipo zolemba za khoti la bishopu ku Troyes, za m'ma 1400 ndi kumayambiriro kwa 1500, zili ndi milandu ya anyamata amene anapatsa atsikana chakumwa kapena chipatso n'kunena kuti akupereka m'dzina la ukwati. Mtsikana akalandira n'kumwa, chitomero chachitika. Mnyamata wofuna kuzemba pambuyo pake ankakayankha kwa oweruza.

Banja likavuta, tebulo linkatchulidwanso. Mpingo sunkalola kusudzulana koti munthu akakwatirenso, koma pa milandu ya nkhanza kapena chigololo khoti linkatha kulola kupatukana kumene m'Chilatini ankati a mensa et thoro, kutanthauza kusiyana tebulo ndi bedi. Ajeremani mpaka lero amanena za kupatukana pa Tisch und Bett. Ngakhale mayina a eni nyumba m'Chingelezi ananunkha buledi. Mawu akuti lord anachokera ku hlaford, wosunga mtanda wa buledi, ndipo lady ku hlæfdige, wokanya ufa wake.

Chodabwitsa n'chakuti banja likakwera kwambiri, mpata pakati pa mbale ya mwamuna ndi ya mkazi unkakula. Mfumu ndi mfumukazi ankakhala ndi antchito osiyana ndi zipinda zosiyana, ndipo pamiyambo ikuluikulu ankatha kudya kosiyana. Geoffrey wa ku Monmouth, polemba cha m'ma 1136, anati paphwando la Arthur ku Caerleon amuna anadya paokha, akazi paokha, potsata mwambo wakale wa ku Troy. Imeneyo ndi nthano, koma pa 3 Sepitembala 1189, tsiku limene Richard I anavekedwa ufumu ku Westminster, akazi sanaloledwe paphwando.

Pa 23 Febuluwale 1421 zinali mbali inayo. Catherine wa ku Valois, mkazi wa Henry V, anavekedwa chisoti cha ufumukazi, ndipo mwamuna wake sanakhale nawo patebulo ku Westminster Hall, kuti ulemu wonse wa tsikulo upite kwa mkaziyo. Kudzanja lake lamanja kunakhala Henry Chichele, bishopu wamkulu wa Canterbury, kumanzere James I, mfumu ya Scotland, amene anali wogwidwa ku England kuyambira 1406. Amayi awiri a mabanja apamwamba anakhala pansi pa tebulo, kumapazi a mfumukazi. Popeza inali nyengo ya Lenti, pafupifupi mbale zonse zinali za nsomba ndi zina zam'madzi, kuyambira mikunga mpaka nkhanu.

Mu 1466 mlendo wina wa ku Nuremberg, Gabriel Tetzel, amene ankayenda ndi nduna ya ku Bohemia Leo wa ku Rozmital, anaimikidwa pakona kuti aonerere phwando la Mfumukazi Elizabeth Woodville, mkazi wa Edward IV, atangotuluka m'chikuta. Mfumukaziyo inakhala yokha patebulo, pampando wagolide. Mayi ake omubereka ndi mlongo wa mfumu anaima chapatali, ndipo ikawalankhula ankagwada. Anakhala pansi mbale yoyamba itaperekedwa. Amayi operekera zakudya anagwada nthawi yonse imene inkadya, maola atatu athunthu, m'chipindamo muli zii.

Chifukwa cha mpata wotere m'mabanja apamwamba, anthu ankakumbukira khalidwe la Elizabeth wa ku Hungary, amene anakwatiwa ndi Ludwig IV wa ku Thuringia mu 1221 ali ndi zaka 14. Kunyumba yachifumu ya Wartburg iye ankakhala pambali pa mwamuna wake patebulo. Vuto linabwera pamene mlangizi wake wauzimu, Conrad wa ku Marburg, anamuletsa kudya chilichonse chochokera ku misonkho yolanda anthu osauka. Adzakazi ake, pochitira umboni iye atamwalira mu 1231, anasimba kuti ankakhala patebulo lodzaza tho, akunyemanyema buledi ndi kugawira ena kuti aoneke ngati akudya, mimba ili pululu. Ludwig ankadziwa ndipo sanamuletse.

Mabanja apakatikati ndiwo ankadyera limodzi tsiku ndi tsiku. M'buku la Masalimo lotchedwa Luttrell Psalter, lojambulidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300 ndipo likusungidwa ku British Library, muli chithunzi cha Sir Geoffrey Luttrell wa ku Irnham ali pakati pa tebulo, chikho chili m'manja, mkazi wake Agnes ali pambali pake. Patebulo lomwelo pali ansembe awiri a chipani cha Dominiko ndi ena apabanja. Wantchito wagwada kutsogolo, ndipo pamasamba oyandikana nacho ophika akuwotcha nyama ndi kusinja zokometsera mumtondo. Kwa alimi wamba nkhani ya malo okhala inalibe ntchito. Mphika unali umodzi, wa phala la nsawawa, nyemba kapena ndiwo zamasamba, buledi wakuda, ndi mowa wopepuka umene amayi ankafulula okha. Komabe ngakhale kumunda chiwerengero chinali cha awiri: zolemba zambiri za minda ya eni malo ku England zimatchula chakudya cha okolola monga buledi, nyama kapena nsomba zogawana anthu awiriawiri.

Mwambowu unayamba kutha pang'onopang'ono, ndipo unayambira kuthawa m'holo. Cha m'ma 1240 Robert Grosseteste, bishopu wa Lincoln, analembera malangizo Margaret, mayi wamasiye wa nduna ya Lincoln. Anamuuza kuti azikhala pakati pa tebulo lapamwamba kuti nkhope yake ioneke kwa onse, mbale yake izidzazidwa kwambiri kuti azitumizako kumanja ndi kumanzere, ndipo aletse anthu kudyera m'zipinda ndi m'makona. Pofika m'ma 1370, William Langland mu Piers Plowman anali akudandaula kale kuti bwana ndi dona sakufunanso kukhala m'holo. Olemera ankadzitsekera m'kachipinda kokhala ndi chumuni, kutali ndi utsi, phokoso ndi maso a osauka. Langland anaona kuumira. Koma kachipinda komweko ndi kamene kanapatsa mwamuna ndi mkazi wake mpata wodya awiriwiri popanda khamu lowayang'ana.

Foloko inatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Peter Damian, mmonke ndi kadinala amene anamwalira mu 1072, analemba mokwiya za mkazi wina wa ku Constantinople wokwatiwa m'banja lolamulira Venice, amene sankakhudza chakudya ndi zala. Adindo ake ankamudulira tizidutswa, iye n'kumatola ndi kafoloko kagolide ka mano awiri. Atafa ndi matenda oopsa, Damian anati ndi chilango cha kunyada. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ankanena za Maria Argyropoulina, amene anakwatiwa ndi Giovanni Orseolo cha m'ma 1004 n'kufa ndi mliri patangopita zaka zochepa. Patatha zaka 300, pa katundu wa Piers Gaveston, bwenzi la Edward II, amene anawerengedwa mu 1313, panapezeka mafoloko atatu asiliva, ndipo ntchito yake inali yodyera zipatso basi. Ataliyana ndiwo anatsogola, monga mbale ya makaroni ya Sacchetti ikusonyezera, pakuti Giovanni uja ankauzira mbamu yake ili pafoloko. Thomas Coryat atabwerera ku England kuchokera ku Italy n'kulemba za foloko m'buku lake la mu 1611, mnzake wina anamupatsa dzina lomuseka. M'zaka za m'ma 1500 zibenthu za buledi zinalowedwa m'malo ndi timatabwa ndi mbale zachitsulo, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, m'nyumba za olemera munthu aliyense anali ndi mbale yake, tambula yake ndi zodyera zake.

Kulemera kwa tebulo m'banja la nthawi imeneyo kukuoneka bwino m'nkhani ya Margery Kempe wa ku Lynn, m'chigawo cha Norfolk, amene buku la moyo wake lolembedwa pamanja linatulukira mu 1934. Margery anabereka ana 14, anayesapo bizinesi yofulula mowa ndi ya chigayo, zonse n'kugwa, kenako anadzipereka ku mapemphero. Ankafuna kuti iye ndi mwamuna wake John alumbire kusiya kukhalira malo amodzi, ndipo Lachisanu lililonse ankasala kudya ndi kumwa.

Lachisanu la pa 23 Juni 1413, dzuwa likuswa mtengo, awiriwo ankachokera ku York wapansi. Margery ananyamula botolo la mowa m'manja, John mkate m'malaya pachifuwa. Panali patatha milungu isanu ndi itatu asanakhudzane. Panjira John anamufunsa: kutabwera munthu ndi lupanga, n'kunena kuti amudula mutu pokhapokha atagona ndi mkazi wake monga kale, Margery angasankhe chiyani? Mayiyo, ndi chisoni chachikulu, anayankha kuti kuli bwino amuone akuphedwa. John anamuuza kuti si mkazi wabwino.

Atafika pamtanda wina wa m'mbali mwa msewu, John anakhala pansi n'kuika zofuna zake zitatu: azigonabe pabedi limodzi, Margery amubwezere ngongole zake asanapite ku Yerusalemu, ndipo Lachisanu azidya ndi kumwa naye monga ankachitira kale. Margery anakana zosiya kusala. John anati ngati ndi choncho, ndiye kuti zonse zibwerera mwakale. Mayiyo anapita kukagwada pafupi ndi mtandawo n'kupemphera akulira, ndipo pobwera anali ndi yankho limene anati walandira kwa Khristu: bedi ayi, koma ngongole abweza, ndipo Lachisanu azidya naye. Pa zinthu ziwiri zimene makhoti a Mpingo ankazitchula polekanitsa banja, John Kempe analola kutaya bedi n'kusunga tebulo.

Anagwada onse awiri pansi pa mtandawo n'kupemphera Atate Athu katatu. Kenako anadya ndi kumwa pamodzi mokondwera, Lachisanu lomwelo, asanapitirire ulendo wawo wa ku Bridlington.